Moto Wopanda Utsi wa a Chikaonda

A Lawford Chikaonda anali khukhi, ndipo ankaphika bwino. Zimenezo palibe ankatsutsa. Chimene chinatopetsa akazi awo, Enifa Naphiri, n'chakuti bamboyo ankaopa chitofu chomwe ankaphikirapo.

A Chikaonda anabadwira m'mudzi wina kutsidya kwa Lingadzi. Boma litaganiza zochotsa likulu ku Zomba n'kulibweretsa ku Lilongwe, mudziwo unasamutsidwa, ndipo pamunda wawo wa mtedza panadutsa msewu wa phula. Abale ambiri anapita kumalo atsopano. Iwo anatsala, napeza kanyumba ku Kawale, n'kuphunzira kuphika kwa mmwenye wina wa sitolo m'tauni yakale. Kumeneko ankaphikira nkhuni ndi makala. Moto umenewo ankaudziwa. Ukauthira madzi umalira, umafuka, umasiya phulusa, ndipo ngakhale mwana amaona kuti wafa.

Mu 1975 analembedwa ntchito ku Area 10, kwa a Zikhale, bwana wa m'boma amene anali atangosamuka kumene ku Zomba. Nyumba inali yatsopano, yonunkha penti, pabwalo fumbi lofiira lokhalokha. Kukhitchini kunali chitofu chamagetsi cha mafuwa anayi achitsulo ndi mabatani opotokola. Tsiku loyamba Mayi Zikhale anawaonetsa kayatsidwe kake, n'kunena moseka, "A Chikaonda, moto uwu suoneka. Mukadzauiwala, nyumba ya boma idzapsa, ndipo ine ndi inu tikadyera limodzi mgaiwa kundende."

Mayiwo anaiwala nthabwala yawo tsiku lomwelo. A Chikaonda anaisenza pamutu.

Mtima wa a Zikhale unali udakali ku Zomba, komwe ana awo anatsalira pasukulu. Mwezi ukatha ankapitako, makiyi n'kusiyira khukhi. Loweruka masana a Chikaonda ankazimitsa chitofu, kukhoma zitseko, ulendo wa ku Kawale. Akafika kunyumba, nkhani yayamba. Enifa ankaidziwa isanatuluke pakamwa. Bamboyo ankasiya kudya, kupukuta thukuta m'manja, kugwira pachifuwa.

"Naphiri, fuwa lakumbuyo lija, kodi ndinali—"

"Munazimitsa."

"Mwadziwa bwanji? Inu kunalibe."

"Nanga mukundifunsiranji?"

Lamulungu kutchalitchi nyimbo ili pakati, Enifa akacheuka mbali ya abambo ankapeza pabenchi pali mpata. Munthu wanyamuka wapansi, kudutsa pakati pa mathirakitala ndi njerwa za ku City Centre, jekete lili pamkono, kukagwira chitsulo chozizira. Nthawi zonse ankachipeza chozizira. Mtima unkakhala pansi mpaka potulukira pageti. Akafika pamsewu waukulu, funso lina: pogwiragwira paja, sindinapotokole batani mwangozi?

Nsapato zinatha. Thupi linatha. Kuchipatala anawapima n'kuwauza kuti mtima uli bwinobwino, koma achepetse maganizo. Enifa anaseka chokwiya. "Achepetse bwanji? Maganizo ndi mchere kuti munthu atapeko pang'ono?"

Kenaka a Chikaonda anatulukira nzeru zawo. Anazindikira kuti mabatani aja amazuka ukawakoka. Loweruka lina anawazula onse, kuwaika m'thumba la jekete, n'kupita nawo ku Kawale. Anadya bwino tsiku limenelo. Koma a Zikhale anabwerako msanga, Lamulungu masana, ali ndi alendo, ndipo mayi anapeza chitofu chili ndi timisomali tokhatokha. Alendo anamwa madzi. Lolemba Mayi Zikhale anakalipa mpaka mlonda wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. Ntchito inapulumuka chifukwa cha supu wawo basi.

"Ndipo mabataniwo ali m'thumba," Enifa anauza mlamu wake, "anandidzutsa m'mamawa kuti, kodi ndinazula nditazimitsa kapena ndisanazimitse? Ine munthu ameneyu adzandipha."

Mlamuyo anali mlongo wa a Chikaonda, ndipo mwana wake Evelesi anali atapeza mwamuna. Mtsibweni anali mmodzi yekha, a Chikaonda omwewo. Ena onse anali kutali ndi msamuko uja. Popanda iwo panalibe nkhoswe yakuchikazi. Tsiku limene akuchimuna anabwera kudzafunsira mbeta linali Lamulungu. Moni atangotha, a Chikaonda anapempha kuti akataye madzi, osabwereranso mpaka dzuwa litapendeka. A Orton, nkhoswe yakuchimuna, anavala chipewa chawo n'kunena, "Ngati mwana wathu simukumufuna, nenani. Mukadzatisiyanso pamphasa tsiku la chinkhoswe, ife tidzanyamula tambala wathu, ndipo sitidzapondanso pano."

Evelesi analira mpaka maso anatupa. Chinkhoswe chinaikidwa Lamulungu lakumapeto kwa mwezi, a Zikhale ali ku Zomba.

Enifa sanapemphe. Loweruka anatseka msanga benchi lake la tomato kumsika, namanga chitenje, ulendo wa ku Area 10. Kukhitchini kwa mabwana anali asanalowemo chiyambire. Anaimirira pakhomo manja ali m'chiuno.

"Ndiye chimenechi? Chimene chatha nsapato zanga zonse?"

"Zanga, Naphiri."

"Anagula ndani? Gwirani. Fuwa lililonse kamodzi, ndi chikhatho, ndipo munene mokweza."

A Chikaonda anagwira. "Lazizira." Anagwira linzake. "Lazizira." Atamaliza onse, dzanja linayamba kubwerera ku loyamba. Enifa analimenya.

"Kamodzi! Nkhawa yanuyi ndi galu wa eni. Mumati akauwa mumamuponyera mkute, ndiye mukudabwa kuti sakuchoka pakhomo? Khomani. Makiyi ndipatseni."

Anawamanga pamfundo ya chitenje.

M'mawa mwake anthu anadzaza pabwalo ku Kawale. Thobwa linayenda. A Chikaonda anakhala pampando moyang'anana ndi a Orton, atapanira thadzi lakuchikazi m'khwapa. Enifa anakhala pamphasa kumbuyo kwawo, pafupi kuposa m'mene mwambo umafunira. Amayi ena anayang'anana. Iye analibe nazo.

Galu uja anabwera a Orton atangoyamba kulankhula. Enifa anaona khosi la amuna ake likunyowa, phazi likugunda pansi. Bamboyo anapendekera kumbuyo n'kunong'ona.

"Naphiri, uvuni. Uvuni sitinagwire."

Zinali zoona. Uvuni sanagwire.

"Munaphikamo dzulo?"

"Ayi. Koma mwina—"

"Khalani pansi."

"Mtima ukutuluka, mayi. Ndifa."

"Mufere pompo. Anthu alipo kale, thobwa lilipo, sitivutika kuitana. Ikapsa yapsa, a boma ali ndi njerwa zambiri. Evelesi ali ndi mtsibweni mmodzi. Pumani, ndipo musiye kufinya nkhukuyo."

A Chikaonda anayang'ana thadzi. Linali litatong'ola maso, kamtima kake kakugunda pachikhatho chawo mofulumira kuposa wawo. Anamasula dzanja, nayamba kulisisita pamsana kuti lisakuwe pamaso pa alendo. Anakoka mpweya, nautulutsa pang'onopang'ono. Anakokanso. Thukuta linkatsikira m'kolala. A Orton analankhula nthawi yaitali, monga amachitira anthu amene anakwiyitsidwapo, ndipo maso awo sankachoka pamiyendo ya a Chikaonda.

Miyendoyo sinadzuke. Mantha anakwera mpaka pakhosi, anaima pamenepo, kenaka anayamba kutsika okha, popanda munthu kugwira chitsulo chilichonse. A Chikaonda anadabwa kwambiri. Chiyambire anali asanadikirepo kuti aone kuti chinthucho chimatha bwanji.

Nthawi yawo itakwana anaimirira. Anapereka thadzi, nalandira tambala, n'kunena kuti mwanayo ndi wawo ndipo banjali aliyang'anira. Nthungululu zinalira. A Orton anawagwira chanza n'kunena, "Lero madzi simunataye, achimwene?" Anthu anaseka, nawonso anaseka pang'ono.

Asaname munthu kuti anachira tsiku limenelo. A Chikaonda anaphikira a Zikhale mpaka imvi, ndipo Loweruka lililonse ankagwira mafuwa aja, ndi uvuni womwe, kamodzi, akunena mokweza. Masabata ena ankakhala m'tchalitchi mpaka dalitso lomaliza. Ena ankatuluka, kukaima pansi pa mtengo wa mango, kupuma mpaka zitadutsa, n'kubwerera pabenchi. Kangapo konse anafika mpaka ku Area 10, ndipo Enifa sankawayankhula mpaka Lachiwiri.

Koma Lolemba lotsatira chinkhoswe chija ananyamuka nthawi yake ya masiku onse, makiyi atawalandira m'manja mwa akazi awo. Madzulo anabwera kudzapereka ndiwo zimene Mayi Zikhale anatumiza. Enifa anali kusankha tomato wa mawa, ndipo sanadzutse mutu.

"Yapsa?"

"Ayi."

"Uvuni?"

"Wozizira."

"Ndiye sambani m'manja. Tambala wa a Orton uja ndapha."