Mabawuti a m'chiuno mwa agogo Tembo

Ndikakumbukira agogo aamuna, aTembo, ndimamva fungo la girisi losakanikirana ndi sopo wochapira, fungo limene silinkachoka m'manja mwawo ngakhale Lamlungu atavala jekete la kutchalitchi. Anagwira ntchito yokonza mabasi zaka zambiri, ndipo kampaniyo itatsekedwa, m'zaka zija makampani ankangotsekedwa motsatizana, anabwera ndi bokosi lawo la masipanala n'kudzakhala nafe ku Kabwata, kwa amayi anga, mwana wawo. Kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, ankakonza chilichonse chimene anthu abweretsa: mbaula zothyoka miyendo, njinga, mawilibala, ndi maminibasi amene anali atangodzaza mu Lusaka. Tsiku lonse kunkamveka kugogoda kwa hamala ndi kakhweru kawo kosatha. Ine ankanditcha "mkazi wanga", monga agogo amasewerera ndi adzukulu.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi, amene ankataipa makalata mu ofesi ina m'tauni, anali atangondigulira nsapato za kusukulu, ndipo anali munthu wa dzanja lofulumira kumenya. Tsiku lina nditaweruka ndinavula nsapato imodzi n'kugendera mango. Mango sanagwe. Nsapato inakatera padenga.

Agogo anandipeza ndikulira. Sanafunse zambiri. Anatenga makwerero awo achitsulo, anakwera, anandiponyera nsapato ija. Potsika, phazi la makwerero linaterereka pasimenti yonyowa pafupi ndi mpopi, ndipo anagwa chammbali, kumveka ngati thumba la makala. Sanakuwe. Ndinangoona phazi lawo lamanzere litagonera kunja, mwendo ukuoneka waufupi kuposa unzake.

"Zelipa, vala nsapatoyo," anatero mano ali gwa. "Kaitane bana Mulenga. Ndipo tamvera, ine ndimakonza eriyo ya wailesi yakanema. Wamva?"

Bana Mulenga, oyandikana nafe nyumba, anathamangira kumsewu n'kuimitsa minibasi ya dalaivala wina amene agogo ankamukonzera injini. Okwera anatsika osadandaula, ndipo anthu anayi anawanyamula agogo pachitseko chakale.

Kuchipatala chachikulu ndinkapita ndi amayi masana aliwonse kukapereka chakudya, chifukwa panyumba panalibe wondisiya naye. Dokotala wa mafupa anali mtsikana wowonda wochokera kumpoto, wolankhula chinyanja cha m'tauni, ndipo agogo ankawatcha "ba shikulu", kutanthauza agogo m'chinenero cha kwawo. Anakweza chithunzi cha ekisire pawindo n'kuloza pamwamba pa fupa la ntchafu, pamene limakalowa m'chiuno.

"Ba shikulu, fupa yathyoka apa. Tifunika opaleshoni. Tizafaka chitsulo na mabawuti, igwilane."

"Ine si basi," anayankha agogo. "Ndimangeni pulasitala ndizipita."

Dokotala anafotokoza kuti pamenepo pulasitala sagwira, ndipo munthu wamkulu akagona miyezi osadzuka chimamutenga ndi chifuwa ndi zilonda za pamsana, osati fupalo. Agogo anakana. Masiku atatu amayi anachonderera, abusa anabwera, bana Mulenga analira, koma ayi. Pabedi loyandikana panagona bambo wina womangiriridwa cholemera kumwendo, akutsokomola kosalekeza, ndipo ndinkawaona agogo akumuyang'ana chakumbali.

Tsiku lachinayi agogo anamuitana dokotala uja. "Mwana wanga, ndionetse chitsulocho."

Iye anaseka, anatuluka, nabwera ndi kachitsulo kachitsanzo kokhala ndi mabowo, ndi bawuti mmodzi wamtali ngati chala. Agogo anavala magalasi. Anakayeza kulemera m'dzanja, anayendetsa chikhadabo m'mazinga a bawuti, kenako anakagogoda pachitsulo cha bedi n'kutchera khutu.

"Sichita dzimbiri?"

"Sichita, ba shikulu."

"Amange ndani?"

"Ine."

"Wamangapo angati?"

"Bambili."

"Tambasula manja ndione."

Mtsikanayo anatambasula manja onse awiri pamaso pa wadi yonse. Agogo anawayang'anitsitsa nthawi yaitali, monga ankachitira ndi injini asanaitsegule.

"Chabwino," anatero. "Koma usamangitse. Bawuti womangitsa amadya mazinga ake."

Anawabaya jekeseni wa pamsana, kotero kuti kumunsi konse kunachita dzanzi koma iwo anali maso. Pambuyo pake nkhani imeneyi anaifotokozera aliyense wobwera kudzawaona: kuti anamva chobowolera chikulira kuseri kwa nsalu, anamva hamala, ndipo anadziwa ndi khutu lokha kuti dzanja la mwanayo silinjenjemera.

Chimene sankafotokoza ndi za tsiku lachiwiri opaleshoni itachitika. Anamwino anabwera ndi choyendera chachitsulo cha miyendo inayi, nati ayenera kuimirira lero lomwe. Agogo anatembenuzira nkhope kukhoma. Munthu amene ankagona pansi pa basi yoimikidwa pa jeke, tsiku limenelo ankaopa pansi. Ndinaona manja awo akufinya bulangete. Mawa lake anakananso.

Amayi anatopa. Anaika mbale pakabati mwamphamvu n'kuyamba kukalipa. "Eriyo, eriyo! Ababa, mpira ukanathawa? Simukanadikira anyamata akwere? Onani tsopano, mufuna kufera pabedi pano chifukwa cha wailesi!"

Sabata yonse nsapato zija zinkanditentha kumapazi. Usiku sindinkagona, kusukulu sindinkamva kanthu. Mawu anangotuluka okha.

"Si eriyo, amama. Ndi nsapato yanga. Ndinaiponya padenga."

Amayi anatembenuka pang'onopang'ono, ndipo nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Agogo anachotsa maso kukhoma n'kundiyang'ana.

"Iwe mkazi wanga, bodza labwino chonchi waliwononga?"

Bambo wotsokomola uja anaseka mpaka kutsamwa. Amayi sanaseke.

"Esinala," anatero agogo, kuwatchula amayi dzina, "ukamukhudza mwanayu, ine pano sindidzuka."

Amayi anapinda manja pachifuwa. "Nanga ndikapanda kumukhudza, ababa?"

Agogo anadziwa kuti adzitchera okha. Anapuma mwamphamvu nati, "Itanani anamwino aja."

Anawakhazika m'mphepete mwa bedi, miyendo ikulendewera. Thukuta linatuluka pamphumi asanaponde n'komwe. Anagwira choyendera, mitsempha ya m'manja inatupa, ndipo anaimirira. Anaponda kamodzi, kawiri, katatu. Misozi inkatsika m'masaya mwawo, koyamba ine kuiona, ndipo amayi nawonso ankalira atagwira lamba wa chovala cha agogo kumbuyo. Atawabwezera pabedi anangoti, "Wamanga bwino mwana uja."

Amayi anasunga pangano. Sanandimenye, ndipo nkhani ya nsapato sanaitchulenso. Koma agogo atatuluka, anandipatsa ntchito: masana aliwonse ndiziyenda nawo. Ndodo ankaigwira kumanja, ine ndinkakhala kumanzere, mbali ya mabawuti, dzanja lawo lolemera lili paphewa langa. Sabata yoyamba tinkangofika pageti. Kenako pakona pamene amayi ena ankakazinga zitumbuwa. Itatha miyezi itatu tinafika kumsika, ndipo madalaivala a minibasi anaimba mahutala atawaona. Ndikafulumira ankandifinya phewa. "Pang'onopang'ono. Msewu suthawa."

Anatsimphina moyo wawo wonse, ndipo kuzizira kwa Juni kukafika ankadandaula kuti chitsulo chazizira m'kati. Koma anabwerera pansi pa mango ndi masipanala awo, ndipo anakhala ndi moyo mpaka ine nditamaliza sekondale.

Lero ndine mayi wa ana atatu ku Chelstone. Ana anga amadandaula kuti ndimayenda ngati ndili pamaliro, ndipo bambo awo anasiya kalekale kufunsa chifukwa chimene ndimazungulira n'kukakhala kumanzere kwawo tikamayenda. Sindichita dala. Ndikangoyenda ndi munthu, mapazi anga amachepetsa okha liwiro, ndipo phewa langa lakumanja limatsika pang'ono, kudikira dzanja.