Soketi Imodzi ya kwa aLumo

ALumo, ometa a pakona paja, amadziwa mutu wa munthu aliyense kupatula wawo. Mawuwa si anga ayi, amanena okha, uku akuseka mpaka mashini kunjenjemera pakhutu pa kasitomala. Anayamba kumeta pansi pa mtengo ndi kagalasi kosweka. Lero ali ndi kashopu ka mipando iwiri, mkazi namwino, ndi ana amapasa odya ngati dzombe.

Mayi a mapasawo atatumizidwa kumaphunziro kutali, funso linali limodzi: ana azidya chiyani? Achemwali awo aakulu a mayiwo, amene aLumo amawaopa kuposa njoka, anali atalongedza kale chikwama.

"Ndibwera ndidzakhale nawo anawa," anatero alamuwo. "Awa ngakhale madzi amapsereza."

Alamu akalowa m'nyumba, mpira pa wailesi umazima, mpando wa bambo umasanduka wawo, ndipo kutsokomola komwe umachita kupempha. ALumo analumbira kuti ana sagona ndi njala, alamu akhale kwawo.

Choncho mayi a mapasa anaphika tsiku lonse: nyemba, nkhuku, msuzi wa nyama. Chilichonse ankachisiya kaye chipole, n'kuchigawa m'timakontena ta chakudya chimodzichimodzi, kenako n'kusanja m'chipinda chapamwamba cha firiji, choumitsa chija.

"Bambo a mapasa, tamverani. Kamene mudye mawa, katsitseni m'munsimu kasungunukire momwemo, osati padzuwa. Potenthetsa, kawire mpaka pakati. Ndipo chikasungunuka chasungunuka, chisabwererenso kumwamba."

"Mayi, ine ndimayendetsa lumo pakhosi pa anthu. Ndiye zindivute nyemba?"

Poyamba zinkayenda, moti aLumo anayamba kulangiza amuna anzawo pashopu za kasamalidwe ka banja. Koma kunyumba kwawoko soketi yogwira bwino ndi imodzi yokha, ya kukhitchini. Ndiye pali makasitomala ena ochita manyazi ndi dazi lawo, amene amakonda kumetedwa mobisa kunyumbako, pakhonde lakuseri. Tsiku lina kunabwera wotere. ALumo anazula pulagi ya firiji n'kulumikiza mashini. Kumeta kunatha, nkhani sizinathe, anaperekezana mpaka kumsewu. Kutacha anatenga ana kukacheza kwa agogo awo, n'kudyera komweko, dzuwa likuswa mtengo. Pulagi anaikumbukira pobwera, ataponda madzi pakhomo la khitchini.

Anatsegula kakontena kamodzi n'kununkhiza. Sikanamveke fungo.

"Kuzizira kumapha zonse," anadziuza okha, ngati anaphunzirapo udokotala.

Anabwezera pulagi, zonse zinaumanso gwa, mlandu n'kukwiririka mu ayezi. Komabe ankakayika. Ana anawapatsa buledi ndi mazira, iwo n'kutenga nkhuku ija kuti ayese okha. Chifukwa cha njala anangoifunditsa pamwamba, pakati pali zii, n'kumeza.

M'mawa mwake, mwa anthu onse a m'tauni, woyamba kukhala pampando anali mwamuna wa alamu aja. ALumo atangomaliza mbali imodzi, m'mimba munabangula.

"Achimwene, musasunthe, ndikubwera pompano."

Sanabwere. Bamboyo anadikira mpaka kutopa, kenako anauyamba wa kwawo, theka la mutu lili mbee, theka lili tchire. Alamu atangoona mutuwo sanafunse zambiri. Anangonyamula chikwama.

Atafika kwa aLumo analunjika kufiriji. Anapeza timakontena titamatirana, msuzi wodontha utaumira pansi ngati chithaphwi.

"Alamu, izi zinasungunuka n'kuumanso!"

"Pang'ono pokha," linayankha liwu lofooka la aLumo kuchokera kuchimbudzi.

"Ana adyako?"

"Ayi. Wadya ndine, galu wa pakhomo."

"Bola pamenepo. Agalu safa msanga."

Ntchito yonse ya mayi a mapasa inathera m'bini. Alamu anaphika zatsopano, anamata pulagi kukhoma ndi tepi yakuda, nalamula kuti wadazi aliyense azikaonetsa dazi lake kushopu ngati anzake. Mayi a mapasa atamva pafoni anangoti achemwali akhale mpaka maphunziro athe, ndipo akuti maphunzirowo awawonjezera.

Masiku ano aLumo ndi amene amatsegula shopu moyambirira mumsewu wonse, n'kutseka pomalizira. Kasitomala akawayamikira kuti ndi olimbikira ntchito, amangopukusa mutu.

"Si khama ili, achimwene. Kunyumba kuli boma."