Tizibenthu ta Botolo Kuseri kwa Chitseko

Amuna anga anthu amawatchula kuti aKamwala. Dzinali linachokera ku ntchito yawo, chifukwa kwa zaka makumi anayi ankayala pansi m'nyumba zikuluzikulu za mumzinda muno. Sindikunena matailosi a masiku ano amene amasweka mukangogwetsa mpando. Iwo ankasakaniza timiyala ndi simenti, n'kuthira, n'kudikira kuti ziume, kenako n'kukwecha ndi mwala atagwada mpaka pansi pawale ngati madzi. Maondo awo mpaka lero ndi okhakhala ngati chikopa cha ng'ombe. Maondo amenewo ndi omwe anaphunzitsa ana atatu, ndipo adzukulu anga asanu ndi awiri palibe ndi mmodzi yemwe wongokhala. Wofuna kunyoza banja lino ayambe waona maondowo.

Chaka chatha anayamba kuiwala. Magalasi ali pamphuno, iwo ali kalikiliki kuwafuna pansi pa bedi. Koma chimene chinavuta n'chakuti m'mawa uliwonse akamwa tiyi ankavala jekete n'kutuluka osanena kopita, madzulo n'kubwera thalauza lili mbuu m'maondo. Tsiku lina mnansi wathu anawaona pakati pa tauni atagwada pakhomo la sitolo, akusisita pansi ndi dzanja, anthu akuwalambalala.

Lamlungu lotsatira mwana wanga wamkulu, uja amagwira ntchito ya muofesi, anabwera ndi loko m'thumba.

"Amayi, geti lizikhala lokhoma. Anthu ayamba kulankhula. Tsiku lina adzagundidwa ndi galimoto."

"Ukufuna kutsekera bambo ako ngati mbuzi?"

"Si choncho, amayi. Koma mutu wawo..."

"Mutu womwewo ndi umene unakufikitsa pa mpando wozungulira wa ku ofesi uja. Lokoyo ika pa kabati. Undipatse sabata imodzi."

Ndinalankhula molimba. Munthu wozolowera kuyenda ukamutsekera, wamuika m'manda ali moyo. Ndinati ndiyambe ndaona ndi maso anga chimene amakachita kumeneko.

Lolemba ndinawatsatira cham'mbuyo. Sindinabisale nthawi yaitali. Tikufika pokwerera basi anacheuka.

"Mayi, ngati mukubwera bwerani. Kuzemba ndi thupi limenelo simungathe."

Tinakhala mpando umodzi.

Mumzinda muno ndakhalamo zaka makumi asanu, koma ndinkangodziwa msika, chipatala ndi tchalitchi. Iwo anandilowetsa m'kanjira ka pakati pa nyumba ziwiri kamene ndinkayesa kotayirako zinyalala. Tinatulukira pamalo otsukira magalimoto, ndipo anandionetsa masitepe atatu otsikira pansi koma osapita kulikonse. Akuti linali dziwe losambiramo, anthu analikwirira. Kutsogolo pang'ono tinaima pa sitolo ya nsapato.

"Kwezani maso, mayi. Anthu a mumzinda amayenda akuyang'ana mitengo ya katundu yokha."

Pamwamba pa chikwangwani cha nsapato, pomwe penti inasupuka, panali zilembo zakale zozokotedwa pakhoma. Pambali panali kawindo kotsekedwa ndi njerwa.

"Iyi inali holo ya kanema. Matikiti ankagulitsira apa."

Munthu woiwala magalasi ali pamphuno ameneyo!

Kenako anachita zija mnansi anaona. Analowa, anasuntha chitseko, n'kugwada pakona kuseri kwake. Mlonda anabwera akugwedeza ndodo yake.

"Madala, mwabweranso? Tsiku ndi tsiku inu pakona pomwepo. Pali golide kodi? Tigawane."

"Mwana wanga, samala pakamwa," ndinamuuza. "Pamene wapondapo anayala ndi iwowa, mayi ako asanakuganizire n'komwe."

Amuna anga ananyowetsa chala ndi malovu n'kupukuta fumbi. Pakati pa timiyala totuwa panaoneka tizibenthu tiwiri ta botolo lobiriwira, tosalala ngati anachita kutipaka mafuta.

"Tiwiri," anatero. "Ndiye kuti holo iyi tinaimaliza chaka chimene munabereka wachiwiri."

Ndinakhala pa benchi yoyezera nsapato. Zaka zonsezi anali asanandiuzepo. Anandifotokozera kuti amisiri a nthawi yawo aliyense anali ndi chizindikiro chake chimene ankabisa pakona pomwe bwana sayang'ana. Wina ankaika msomali wopinda, wina batani la malaya. Iwo ankaika kabenthu kamodzi pa mwana aliyense amene tinali titabereka. Tsopano zaka zikuwapulumuka m'mutu, ndiye amapita kukaziwerenga pansi.

Sabata yonseyo tinayenda. Ku positi yakale, komwe pano amagulitsako mafoni, tinapeza kamodzi. Pa masitepe a hotela imene inasanduka zipinda za atelala tinapeza titatu, telala wina atasuntha makina ake kuti tione. Ndinaonanso batani la mnzawo uja, ndipo anandiuza kuti mwini batani ankaimba nyimbo imodzi yokha chaka chonse. Kwina tinapeza atayalapo matailosi. Iwo anagogoda ndi kiyi n'kumvetsera.

"Tilipo pansipa. Angotifunditsa."

Lachisanu tinapeza nyumba ina atagwetsa, pali mpanda wa malata. Amuna anga anaima nthawi yaitali, ndipo pobwerera njira inawasokonekera mpaka ndinawagwira dzanja. Sindibisa ayi, matenda alipo. Koma misala ndakana.

Lamlungu wamkulu uja anabwera kudzamva yankho. Nditamufotokozera anapukusa mutu.

"Amayi, nanunso mwayamba?"

Bambo ake, amene tinkayesa akuwodzera, anatsegula maso.

"Iwe, ofesi yako ili m'nyumba ija ya wotchi yoima pamwamba? Polowera, chitseko cha kumanzere, kuseri kwake. Ukakweze kapeti."

"Abambo, ndadutsa pamenepo zaka khumi ndi ziwiri."

"Wadutsa ndi nsapato. Ukadutse ndi maondo."

Mawa lake masana foni inalira. Mawu a mwana wanga anali atachepa.

"Amayi, ndapeza. Koma tili tinayi. Ife tilipo atatu."

"Wachiwiri anali mlongo wako," ndinamuuza. "Anakhala nafe miyezi isanu yokha, iwe uli ndi zaka ziwiri. Unauzidwa kalekale, koma unaiwala. Bambo ako sanamuchotsepo ayi. N'chifukwa chake ku sitolo ya nsapato salephera kupitako, chifukwa kabenthu kake anakaika pamenepo mwanayo ali moyo. Tsono tandiuza, woiwala ndani pabanja pano?"

 

Loko ija anabwera kudzaitenga yekha, osandiyang'ana kumaso. Tinagwirizana chinthu chimodzi, kuti bambo ake asamayende okha. Lachiwiri ndi Lachisanu ndimapita nawo ine. Loweruka amawatenga iye, ali ndi kabuku kolembamo kuti nyumba iyi inali chiyani, anayala ndani, tizibenthu tingati. Akuti zina zikhoza kugwetsedwa chaka chisanathe, ndiye akufulumira.

Loweruka lapitali ndikuchokera kumsika ndinasuzumira m'banki yakale, yomwe pano ndi sitolo ya mipando. Ndinawapeza awiriwo atagwada kuseri kwa chitseko, mitu ili pamodzi, wamkulu uja thalauza lake lodula lili mbuu m'maondo. Mlonda wa pamenepo anali ataima pamwamba pawo, akufunsa ngati ataya kanthu.