Tayi ya a Nyirenda pa bondo la a Chitseko

Ndinanyamuka ku Namwera Loweruka m'mamawa, Rashidi ali kumsana, kamtolo kali m'manja, mtima ukugunda ngati ndaba nkhuku ya eni ake. Chibadwire ndinali ndisanatsikepo phiri la Chowe ndekha. Tsiku limenelo ndinavala dala chitenje cha chipani, chija chokhala ndi nkhope ya mtsogoleri, ndiye chomwe ndinaberekera mwana, kuti anyamata a chipani akandiona panjira asandifunse zambiri.

Chimene chinandinyamutsa ndi kansalu. Bambo ake a Rashidi ankagwira ntchito yosunga katundu m'sitolo ya boma ku Mangochi, ine ndili kwa amayi anga chibadwire mwana. Madzulo ankasewera basiketi mu timu ya pa boma, ya aphunzitsi, apolisi ndi makalaliki. Ochemerera ankawatcha a Chitseko, chifukwa ntchito yawo sinali yoponya mpira mu mkombero ayi, inali yotsekereza adani kuti asaponye. Bondo lawo lamanzere linavulala kalekale, ndiye sankalowa m'bwalo osamanga kansalu kakuda kamene ndinawadulira ku chilundu changa. Sabata imeneyo anabwera kudzaona mwana, nkhope ili ndwii. Anati, "Amake Rashidi, kochi wandisandutsa mlonda wa benchi. Loweruka akubwera a ku Zomba. Akandikhazikanso mpaka mpira kutha, Lolemba ndikukalembetsa kumigodi ku Joni."

Joni, inu! Amalume anga anapita ndili kamwana, mpaka lero timangowamva m'maloto. Ndiye bambowo atabwerera ku boma, ndikukaanula matewera, ndinangoona kansalu kaja kali lende pachingwe. Munthu wofuna kusewera saiwala bondo lake. Amayi anga anangoti, "Ukuimiranji? Mawa ukawapatse."

Basi ya m'mawa inali itadzaza mpaka pakhomo. Ndinakwera lole ya chimanga, dalaivala anati matambala makumi anayi, mwana ulere. Pamwamba pa matumba ndinapeza anthu akupita kukaonera mpira womwewo. Panali a Mbewe, mphunzitsi wa imvi wa ku Dedza, atagwira ambulera. Panali a Nyirenda, kalaliki wa ku positi, mnyamata wa ku Rumphi, atavala tayi yofiira yotambalala ngati lilime la ng'ombe, pa lole ya chimanga, tangoganizani. Ena anali ana a sukulu akuluakulu. Ine ndinadzipanikiza pambali pa mayi wina wa geni ya usipa, Abiti Ndala, amene ankatsika ndi madengu opanda kanthu. Anandipatsa moni wa Chiyao, "Ajimwiche uli?" n'kundigawira chinangwa chootcha. Palibe amene ankandidziwa.

Lole isanathe n'komwe minda ya fodya, nkhani inayamba.

"Lero tiwina, bola kochi asalakwitse n'kulowetsa gogo uja," anatero a Nyirenda.

"Gogo wake uti?" anafunsa a Mbewe.

"A Chitseko, aphunzitsi. Chitseko chake chodyeka ndi chiswe. Chaka chonse chino mwawaonapo akugoletsa ngakhale kamodzi?"

Ndinakoka mpango kuphimba nkhope, ndikunamizira fumbi.

"Mwana wanga, iwe umaonera mpira kapena umaonera mkombero?" anatero a Mbewe, akumuloza ndi ambulera. "Munthu uja akakuimirira kutsogolo umaiwala dzina la amayi ako. Anyamata ako othamangawo amagoletsa iwiri, kumbuyo n'kugoletsetsa itatu. Ndiye mwapindulanji?"

"Nanga bwanji kochi amawalowetsa kumapeto kwenikweni, anthu atayamba kale kufunafuna njinga zawo? Ulendo watha uja sanadzuke n'komwe."

"Kochi akulakwitsa!"

"Kochi anaphunzira, aphunzitsi!"

Mwana wina wa sukulu anati ayi, kochi amawasunga dala, chifukwa a Chitseko akalowa msanga amakankha anthu mpaka oimbira kuwatulutsa. Wina anati vuto ndi bondo. Wina anati vuto ndi ukwati, akuti chikwatirire ku Namwera munthuyo analemera thupi, mkazi wake amamudyetsa mpunga kwambiri. Lole yonse inaseka. Ine ndinayang'ana zala zanga. Abiti Ndala anafunsa ngati mpira wakewo ndi ntchemberembaye ya amuna, ndipo apa pokha a Mbewe ndi a Nyirenda anagwirizana, onse awiri anakuwa kuti ayi.

Dzuwa litakwera tinafika pamutu pa phiri la Chowe. Dalaivala anaima, anatsika, anamenyamenya matayala ndi phazi, anati Bisimila, n'kukweranso. Amene simunatsikepo phiri limenelo, musamve za anthu. Msewu umapindika ngati njoka yopondedwa, uku thanthwe, uku phompho, pansi patali madzi akung'anima, nyumba zikuoneka ngati mabokosi a machesi. Mabuleki ankalira, matumba ankasuntha, a Mbewe anayamba nyimbo ya kutchalitchi, a Nyirenda anagwira tayi yawo ndi manja awiri ngati ndiyo iwapulumutse. Ine ndinatseka maso. Ndiye pakona yoopsa kwambiri, Rashidi anasankha nthawi yomweyo kudziipitsira, osati pang'ono. Ndinamumasula, ndinapisa dzanja m'kamtolo maso ali chitsekere, ndinatulutsa nsalu, ndinamupukuta bwinobwino. Abiti Ndala anati, "Bweretsa kuno kasanzako, mwanangu," n'kukaponya kuphompho.

Ndinatsegula maso kakuuluka. Kakuda.

"Mayo ine! Kansalu ka bambo ake! Ka pabondo!"

Ndinalira ngati pamaliro, ndipo nditalira chotero ndikanabisanso chiyani? Ndinanena zonse, za benchi, za chingwe, za Lolemba, za Joni. Mnyamata uja wa nkhani ya mpunga anabisala kuseri kwa thumba. A Nyirenda anatsokomola, anati, "Pepani mayi, ine ndimanena za mpira chabe, osati za munthu." A Mbewe anati, "Wanena chiswe, mwana wanga. Tonse tamva."

Titatsikira kuchigwa, kumalambe, kutentha kunatimenya ngati tatsegula uvuni. Tinaima pa kamsika kena kuti injini ipume. Abiti Ndala anandigulira nthochi ndi chitumbuwa chopepesera, ndipo anthu anayamba kufufuza chomangira bondo. Matewera otsala anali aafupi. Mpango wanga unali wopyapyala ngati ukonde. Abiti Ndala anati chitenje chawo n'chimodzi chomwecho, akavula lole igubuduka. Mwana wina wa sukulu anati, "Bwanji osangong'amba chitenje choberekera mwanacho?" Anatero asanachiyang'ane. Atachiyang'ana, n'kuona nkhope ija ikumuyang'ananso, anameza mate. Kung'amba nkhope imeneyo, n'kukaimanga pabondo la munthu, pamaso pa apolisi! Aliyense anayamba kuyamikira malambe, kuti chaka chino abereka bwino.

Kenako a Mbewe anatembenuka pang'onopang'ono, maso pakhosi pa a Nyirenda. Tonse tinayang'ana pomwepo.

"Ayi," anatero a Nyirenda. "Ayi, aphunzitsi. Iyi ndinagula ku Blantyre."

"Ndi yaitali bwino."

"Ndi ya ku ofesi!"

"Ofesi yake iti Loweruka?"

A Nyirenda anakana mpaka pa mlatho wa Shire. Pamenepo anyamata a chipani anatiimitsa, makadi m'mwamba. Yanga inali pamfundo ya chitenje, ndinamasula n'kuionetsa. Mmodzi anasuzumira Rashidi n'kufunsa, "Nanga bwanawa yawo ili kuti?" Koma anaona chitenje chija, anaseka, n'kutiuza tipite. Mlathowo ndi wopapatiza, galimoto imodzi basi, matabwa akuchita gwedegwede, pansi madzi obiriwira ndi mabwato a asodzi. Ndinatsekanso maso. Nditatsegula tili kutsidya, tayi yofiira inali pamiyendo panga, a Nyirenda akuyang'ana kumbali, kolala ili pululu.

"Ndabwereketsa chabe," anatero. "Sindinasinthe maganizo."

Ku boma tinafika masana. Lole inakatsitsa chimanga kaye, ndiye tinachedwa. Tinadutsa pa nsanja ya wotchi tikuthamanga, a Mbewe patsogolo ndi ambulera, ine pambuyo, Rashidi akudumphadumpha kumsana. Bwalo lake ndi lasimenti, kuseri kwa sukulu, mizati iwiri, anthu atazungulira mpaka ena m'mitengo ya mango. Chigawo chachiwiri chinali chitayamba kale. A ku Zomba anali ndi mnyamata wamtali ngati mgwalangwa, akangolandira mpira, ponyu, walowa. Athu ankangomuzungulira ngati anapiye.

Bambo ake a Rashidi anali kumapeto kwa benchi, chigongono pabondo, atavala kale nsapato zopitira kunyumba. Sindikudziwa mphamvu ndinaitenga kuti. Ndinadutsa pakati pa amuna onsewo, ndinagwada, n'kupereka tayi ndi manja awiri. Anandiyang'ana ine, anayang'ana mwana, anayang'ana tayi.

"Amake Rashidi! Mwabwera bwanji? Nanga ichi n'chiyani?"

"Kansalu kanu kali kuphompho ku Chowe. Mangani iyi, nkhani ndi yaitali."

Kochi, bambo wamfupi wa dazi, anatembenuka. Anati, "Chitseko, iwe wabwera bondo lili lamaliseche, nsapato uli nazo za ku ukwati, ine ndimati wadzaonerera. Ukufuna kusewera kapena ayi?" Bambowo anavula nsapato zija, anavala zamasewera, anazunguliza tayi pabondo, n'kumanga mfundo, lilime lofiira likulendewera pamsongolo. Anthu a pa lole yathu anayamba kuimba, "Tsekani chitseko! Tsekani chitseko!" Abiti Ndala, amene ankayenera kukhala ali kugombe kukagula usipa, ndiwo ankatsogolera ndi nthungululu.

Ine basiketi sindiidziwa, ndinena zimene ndinaona. Bambowo sanathamange kwambiri. Anangopita kukaima pafupi ndi mgwalangwa uja, manja tambalale, ngati akuingitsa nkhuku. Uyo akapita kumanja, iwo ali pomwepo. Akabwerera kumanzere, wawapeza kale. Mpira ukamabwera, kadzanja kawo kaugunda. Mnyamatayo anayamba kudandaula kwa oimbira, kenako anayamba kukalipira anzake. Kamodzi anagundana, bambo ake a Rashidi anagwa chagada, koma anadzuka akuseka, tayi ili m'malo. Chilowereni iwo, wamtali uja sanagoletsenso. Iwonso sanagoletse, ndisaname.

Wezulo womaliza atalira, a ku Zomba anali atawinabe, pang'ono pokha, chifukwa anali atatisiya patali kale. Koma mukanamva phokoso mukanati tawina ndife. Wokuwa kwambiri anali a Nyirenda, atamuimirira kochi kumaso. "Mukanawalowetsa kale! Munthu ngati uyu mumamukhazika bwanji pabenchi?" A Mbewe anangotsegula ambulera n'kudziphimba nayo, mapewa akugwedezeka. Kochi anati, "Bondo limenelo silingathe mpira wonse, achimwene. Ndikawalowetsa poyamba, pomaliza mudzandigenda ndinu nomwe." Mkangano unayambiranso pomwepo, ena akuti chigawo chonse, ena akuti kumapeto kokha, ndipo ndikukhulupirira sunathe mpaka lero.

Ife tinakakhala pansi pa mango. Bambo ake a Rashidi anandigulira fanta ndi chambo chokazinga, anamunyamula Rashidi, thukuta likugwera pa mwana. Ndinadikira, ndinadikira, kenako ndinalephera kupirira.

"Nanga za Lolemba?"

Asanayankhe, a Nyirenda anafika. Bambo ake a Rashidi anayamba kumasula mfundo, tayi itada bii, ikudontha. A Nyirenda anaiyang'ana, anabwerera m'mbuyo. "Ayi akulu, isungeni kaye. Mwezi wamawa tikukabwezera ku Zomba, kenako kukubwera a ku Liwonde. Mudzandibwezera mukadzasiya mpira. Koma muzichapa."

Atachoka, bambowo anaipinda bwinobwino n'kundipatsa. "Mwamva nokha, amake Rashidi. Ndingapite bwanji ku Joni ndi katundu wa mwini wake?"

Ndinabwerera Lamulungu pa basi, mpando wa pawindo. Pokwera Chowe sindinatseke maso, ndinkafuna kuona ngati kansalu kaja kanakodwa pamtengo, koma sindinakaone. Ulendo umenewo unandiphunzitsa kuti anthu okunena pa lole ndi omwewonso angakuvulire tayi, ndiye masiku ano ndikamva mwamuna wanga akunenedwa sindifulumira kulira. Tayi ija ndimaichapa ndekha, ndipo sindiyanikanso chingwe chimodzi ndi matewera.