Manambala Kuseri kwa Kalendala

Chaka chimene boma linandisamutsira ku Mzuzu, mkazi wanga anadwala malungo. Munali mu Juni, nyengo imene nkhungu imakuta dera lathu la Katoto mpaka dzuwa litakwera. Atatuluka m'chipatala, adokotala anati ndizimuyeza kutentha kwa thupi m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo. Ndinagula kachipangizo koyezera, manambala n'kumalemba kuseri kwa kalendala.

Pofika tsiku lachinayi mtima unayamba kundivuta. M'mawa nambala inkakhala yotsika, koma ndikaweruka kuntchito ndinkaipeza itakwera pang'ono. Tsiku lililonse chimodzimodzi. Mwiniwake ankadya bwino, ankaseka, koma ine ndinati malungo angobisala.

M'nyumba yoyandikana nafe munkakhala mayi wina amene anapuma pa ntchito yophunzitsa sayansi kusekondale. Loweruka ndinawapeza akuthirira mpiru, ndinawapatsira kalendala ija pamwamba pa mpanda.

"Adada, mwalemba bwino chomene," anatero atavala magalasi. "Koma inuyo mwadziyezapo?"

"Ine sindikudwala, amama."

"N'chifukwa chake ndikuti mudziyeze."

Ndinadziyeza masiku atatu. Langanso thupi linkazizira m'mawa n'kufunda madzulo, ndendende ngati la mkazi wanga. Loweruka lotsatira ndinabwerera kwa mayi aja ndili ndi kamanyazi. Anandipatsa mpando pakhonde, nandiuza kuti thupi la munthu aliyense limatero, ndipo sizichitika pachabe.

"M'maselo athu muli uthenga wotchedwa RNA, wokopedwa ku DNA," anatero. "Usanagwire ntchito umayamba wadulidwa. Zidutswa zina zimatayidwa, zotsalazo n'kulumikizidwa. Tsono thupi likafunda kapena kuzizira, ngakhale ndi digiri imodzi yokha, kadulidweko kamasintha. Uthenga ndi womwewo, koma puloteni yotuluka m'mawa ikhoza kusiyana ndi ya madzulo."

Ndinafunsa ngati zimenezi ankaphunzitsa ana m'kalasi. Anaseka, nati m'masiku awo m'mabuku munalibe. Anazidziwa atapuma kale, powerenga zimene mwana wawo wamkazi ankawatumizira pafoni, ndipo zambiri akatswiri anazionera pa mbewa. Zina, anavomera, iwonso sanazimvetse.

"Koma akayamba kunjenjemera kapena kukana chakudya, musabwere kwa ine," anawonjezera. "Thamangani kuchipatala."

"Yewo, amama," ndinathokoza m'Chitumbuka. Aka kanali koyamba kuti mawuwa atuluke okha pakamwa panga.

Kunyumba ndinayesa kumufotokozera mkazi wanga, koma ndinasokoneza zidutswa ndi maselo mpaka anandiletsa.

"Bambo, mwachidule, ndachira kapena ayi?"

"Mwachira."

"Ndiye mawa ndikupita ku Nkhorongo kukaona achemwali. Mwanditsekera m'nyumba mokwanira."

M'mawa mwake tinapita ku tchalitchi limodzi. Titatuluka ndinamuperekeza pokwerera, ndinamunyamulira chikwama, ndipo anabwerako Lachitatu ndi nthochi zambiri.