Nkhuku Yathu pa Chilumba

Ndikulota ndatenga akazi anga, mayi a Tadala, kupita ku chilumba, ulendo umene ndinawalonjeza tisanakwatirane. Takwera lole ya matola, koma ikuyenda pamwamba pa madzi. Iwo afungata nkhuku yoyera, poti kwa eni ake sapitako chimanjamanja.

Tikufika dzuwa lili paliwombo, mchenga wonse auzinga ndi waya. Pageti paima malemu malume anga atavala yunifolomu ya mlonda.

"Odi, malume!"

"Mphwanga, kuno kulibe odi," akutero osandiyang'ana n'komwe. Akulandira nkhukuyo ndi manja awiri, n'kutseka geti.

Tikuiona kudzera pawaya. Aikhazika pampando pansi pa ambulera, aiveka magalasi akuda, akuipatsa juwisi.

"Bambo a Tadala, ngakhale kungoviika phazi lokha m'nyanjamo," akundipempha akazi anga.

Ndawagwira dzanja, tikuthamanga kufuna pamene wayayo wathera. Koma antchito akupinda nyanja ngati mphasa, akuikokera mkati. Kunja kuno kwatsala matope ndi patapata mmodzi wa akazi anga.

Ndadzuka. Panja akazi anga akuthira madzi osamba m'beseni, uku akuimba. Sindiwauza.