Nkhope ya a Kasinathan

Ku Kodambakkam, kwa anthu olankhula Chitamilu, kumene amajambula mafilimu, a Kasinathan ankadziwika ndi msana basi. Ntchito yawo inali kugwa m'malo mwa anthu otchuka. Katswiri wa filimu akakwera padenga la basi, ankatsikanso bwinobwino kukamwa madzi a kokonati, a Kasinathan n'kuvala malaya ake, basi n'kuliyatsa liwiro, iwo n'kudziponya pansi, khu! Lamulo linali limodzi: nkhope isaoneke. Dzina la ntchitoyi m'Chingerezi, dupuliketi, n'lalitali, koma anthu a mafilimu alibe nthawi, anangolidula. "Dupu ali kuti? Itanani dupu!" Ngakhale wogulitsa tiyi ankawaitana choncho, iwo n'kumavomera.

Mutu unawawa pamene mwana wawo Valarmathi anafunsiridwa ndi banja la aphunzitsi, anthu olankhula Chingerezi ngakhale pakudya.

"Bambo, chonde," anatero Valarmathi, "akakufunsani za ntchito yanu musati dupu. Mawu amenewo ndi akuntchito kwanu, kunja kuno samveka bwino. Muziti sitanti pafoma."

"Sitanti chiyani?"

"Pafoma! Ha, Bambo inu, mumalumpha moto koma timawu tiwiri tikukukanikani?"

Anayeserera posamba, anayeserera pa njinga. Ankaopa zedi kuti ukwati wa mwana wawo ungafere pakamwa pawo.

Tsiku lodzaona mtsikana, khofi atagawidwa, a Kamakshi, mayi a mnyamata, anafunsa funso lija m'Chingerezi. A Kasinathan anaiwaliratu mawu anayeserera aja.

"Ndine... dupu, mayi."

Valarmathi anazyolika. A Kamakshi sanawamve mawuwo, ndiye a Kasinathan anangofotokoza m'Chitamilu chawo chomwe, za mabasi, za mahatchi, za magalasi.

"Munaonekapo m'filimu iti?"

"Zambirimbiri, mayi. Kungoti simungandione."

A Kamakshi anayang'ana dzanja lopindika limene linagwira kapu. "Nanga dzanjalo?"

"Sitima imeneyo, mayi. Chaka chimene uyu ankalowa koleji."

"Koma ndiye akuchepetserani dzina," anatero mayiwo, n'kupempha khofi wina. Ukwati unatheka.

Paphwando, wojambula zithunzi anaimika abale onse. "Bambo a mkwatibwi, yang'anani kuno!" Kamera itangokwera, khosi la a Kasinathan linatembenuka lokha, nkhope kumbali. Anthu anaseka. Anayesanso, chimodzimodzi. Abale inu, chizolowezi n'choipa! Munthu wamkulu anachita manyazi mpaka thukuta kamukamu, n'kuyamba kusuntha kuti achoke pamzerepo.

Valarmathi anawagwira malaya. Nkhata zamaluwa zili m'khosi, anawagwira chibwano ndi manja onse awiri n'kuwatembenuza pang'onopang'ono.

"Lero simukuimira munthu, Bambo. Yang'anani."

Chithunzicho chili pakhoma kwa Valarmathi. Sichinatuluke bwino kwenikweni, chifukwa a Kasinathan ankalira, koma nkhope yonse ikuoneka.